Kabokosi kathu sikanalire

Lolemba, 11 Março
A Palmira, anamwino a ku posito, kachipatala ka kumudzi, aimba m'mawa: "Jeleira inazima Lachisanu. Katemera yense wawonongeka. Kabokosi kanu kaja sikanatumize uthenga." Purogalama ya m'kabokosiko tinalemba awiri ndi Edgar, mnzanga wa kuntchito. Ntchito yake ndi imodzi: jeleira, firiji yosungiramo katemera, ikatentha, kachenjeze anamwino pafoni.

Lachiwiri, 12
Ndapitako pa mota, njinga yamoto, kuchokera ku Furancungo. Amayi oposa makumi atatu pakhonde, ana kumsana, ena abwera wapansi kuchokera kutali. Abwezedwa onse. A Palmira sanandikalipire, bola akanatero.
Purogalama ndaipeza itafa, memoriya itadzaza. Pamaso pa a shefe, abwana athu, ndanena kuti gawo limenelo analemba ndi Edgar. Edgar anali pomwepo, anangondiyang'ana.

Lachitatu, 13
Ndalipeza vuto. Mphindi iliyonse purogalama imatenga malo m'memoriya ndi lamulo lotchedwa new, imawerenga kutentha, kenako imabweza malowo ndi delete. Koma waya wa sensa yoyezera kutentha unali wogwedera. Kuwerenga kukalephera, eshisesau, chizindikiro cha vuto, imaponyedwa, purogalama n'kudumpha delete uja. Malo osabwezedwa. Ndipo catch woti agwire vutolo ndi wopanda kanthu mkati. Amangomeza, zii. Masabata angapo chonchi mpaka kufa.
Pamwamba pa catch pali mawu: "ndikonza mawa."
Kalembedwe kanga. Mbiri ya fayilo ikuonetsanso dzina langa, Agosto chaka chatha. Ndawerenga kanayi.

Lachinayi, 14
Timabokosi tomweti tinaika m'maposito ena atatu, awiri ku Tsangano.

Lachisanu, 15
Ndamuonetsa Edgar mzere uja. Akuti anauona Lachiwiri lomwe. Ndamufunsa bwanji sananene. "Ndimadikira unene wekha, Lídia."
Ndakawauza a shefe kuti wolakwa ndine.
Tachotsa new ndi delete paliponse, taika unique_ptr, yomwe imabweza malo yokha ngakhale eshisesau itaponyedwa. Catch tsopano amalemba vuto n'kutumiza uthenga. Tazula waya dala kakhumi, memoriya osasuntha.

Loweruka, 16
Tsangano, posito yoyamba, matope mpaka m'mawondo. Kabokosi kafa kuyambira pa 2, palibe amadziwa. Anamwino akuti, "Timaona ngati kuli chete chifukwa zonse zili bwino."
Tapita pa jeleira. Watsegula Edgar. Madigiri asanu, katemera ali bwino.
Ndakhala pansi pasimenti. Kwatsala maposito awiri. Edgar waliza kale mota.