Ivy Akuopa Kukula

Ku Boda, Mchinji
9 Malichi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Esitele,

Ndiyambe ndi moyo. Uli bwanji ku Lusaka kumeneko? Mwendo uja unkatupa ukaima nthawi yaitali unaphwa? Kuno tadzuka. Ng'amba ya mwezi watha inatiopsa, koma achibale a ku Chiosya akuti mtedza wapirira. Alamu ako a Caroline ali bwino, kungoti masiku ano akundiyankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo ukafika kumapeto kwa kalatayi uwaikira kumbuyo.

Ukudabwa kuti munthu wokhala ndi foni akulemberanji kalata. Ndayesa katatu kukuuza pafoni. Katatu konse ndathera pa nthabwala, iwe n'kuseka, mayunitsi n'kutha. Pepala siliseka. Ndiye ndapatsira a Dickson, adalaivala a thiraki aja amakubweretsera ufa, kuti akupatse m'manja.

Nkhani ndi ya mwana wako Ivy. Usadzidzimuke, ali moyo, akupita kusukulu, Sitandade 2 akuikwanitsa. Koma waonda, ndipo amene wamuondetsa ndine, malume ake, mphunzitsi wa satifiketi.

Ukukumbukira diresi lachikasu lija unatumiza mu Okutobala? Tinapita awiri, ine ndi Ivy, kukalilandira pageti la boda. Sanadikire kuti tifike kunyumba, anavala pomwepo kuseri kwa thiraki. Zipi inakana kukwera. Sindikukunena ayi. Unagula ndi maso a chaka chatha, poti Ivy amene unamusiya ankandifika m'chiuno. Koma amayi ogulitsa nthochi ndi azibambo osintha ndalama aja anaseka, n'kumati mwanayu wakula, amake akadzabwera sadzamuzindikira. Ndi mawu omwe tonse timauza ana poyesa tikuwayamikira.

Zikanathera pomwepo. Koma umandidziwa, ndikaona anthu atatu atchera khutu pakamwa panga pamayabwa. Ndinayala nkhani. Ndinati lamulo la pa boda pano n'lakuti mayi akamabwera kuchokera ku Zambia, ana onse amawandandalika pamzere, ndipo mayiyo amatenga amene zovala zamukwana. Ndinati chaka china mayi wina anadutsa mwana wake weniweni chifukwa anali atatalika, n'kunyamula mwana wa eni. Wotsalayo, ndinatero ine, anakulira pageti pomwepo, ndipo ndi mkulu uja akusintha ndalama apoyo, wa chipewa chofiira. Mkuluyo, a Rodrick, munthu wa mutu ngati wanga, anavula chipewa n'kuvomera kuti n'zoonadi, amake akuwadikirabe mpaka lero. Anthu anagwa nako kuseka. Ivy sanaseke. Ine ndinayesa ndi manyazi a zipi.

Zimene zinatsatira ndinaziona zonse ndi maso angawa, koma osazimva.

Anayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse phala likafika. Chakudya chamasana ankangochigwiragwira n'kunena kuti wakhuta. Galu wathu ananenepa mpaka anthu kumafunsa ngati ali ndi bere, chonsecho ndi wamphongo. Diresi lija ankalivala tsiku ndi tsiku akaweruka, zipi ili theka, m'khwapa mukumudula, ndipo kulichapa inali nkhondo. Munthu akangoti wakula, iye ankapinda maondo. Kolala ya yunifolomu anaitafuna mpaka kubooka. Funso lake linali limodzi, nthawi zina kasanu patsiku: amayi adzabwera liti, nanga adzalowera mbali iti ya geti.

Ukukumbukiranso muja ankathawira ukaimba pa vidiyo? Unalira mu Januwale kuti mwana wakuiwala, kapena tikumuuza zoipa za iwe. Ine ndinakuyankha kuti akuthawa nkhope yako ya m'mawa, ndipo unaseka misozi ili m'maso. Sanakuiwale, Esitele. Ankabisala kuti usaone kuti wasintha.

Tinamuyezetsa malungo kawiri, osapezeka. Tinamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera. Kuchigayo anthu anayamba kunong'ona kuti a Caroline akumumana chakudya mwana wa mlamu wawo, ndipo iwo anasenza mawu amenewo miyezi inayi alibe tchimo.

Ine ndinkati ndi matama. Ndinamupatsa ndi dzina lomwe, Dona Sindidya, ndipo ana a kusukulu analitola. Tsiku lina, apa ndiye cholembera chikundilemera, ndinamenya tebulo n'kumuuza kuti akapanda kumaliza mbaleyo ndikuimbira foni kuti usabwerenso. Taganiza. Akadya akula, iwe sudzamudziwa. Akapanda kudya, iwe subwera. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndinamutsekera makomo onse awiri. Anadya akulira, n'kukasanza kuseri kwa bafa. Ine n'kunena kuti mwaona, nzeru zatsopano.

Kukoleji tinaphunzira teremu yonse za maganizo a ana. Ndinakhoza bwino, iwe n'kundiphera nkhuku. Mabuku ake ali m'sutikesi, mphemvu zikuwawerenga, ndipo ndikhulupirira zatolamo zambiri kuposa ine.

Chimene chinaulula ndi dzino. Lakutsogolo, lam'mwamba. Linayamba kugwedera kalekale iye osauza munthu, ankaligwiriziza ndi lilime n'kumayankhula ngati wavumata madzi. Masabata awiri apitawo, Loweruka masana, alamu ako anaotcha chimanga chachiwisi, ndipo fungo linamugonjetsa. Analuma kamodzi, dzino n'kutsala pachimanga. Kukuwa kwake, anthu a nyumba zoyandikana anathamanga ndi ndodo poyesa njoka. A Caroline anamupeza kuseri kwa nyumba akukankhira dzinolo m'malo mwake, magazi ali chuchuchu pachibwano, mpweya ukumuthera.

Ndikanakhala ine ndikanamuuza kuti asiye zachibwana, limera lina. Alamu ako sanapite kukoleji. Anangokhala pansi pafumbi pomwepo, n'kumuika pamiyendo, osafunsa kanthu mpaka kulira kutachepa. Kenako anamufunsa kuti dzino lakugwalo akulifuniranji. Ivy anati amayi amadziwa Ivy wa mano onse. Anati wayesetsa kuti asakule koma thupi silikumumvera. Anati sakufuna kudzatsala pageti n'kumasintha ndalama, chifukwa masamu a ndalama za ku Zambia sawadziwa.

A Caroline anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikuchonga makope. Sanakweze mawu. Anangondifunsa ngati nkhani ya ana a pamzere ndi yanga, ndiponso ngati anthu anaikonda.

Ndinagwada pamaso pa mwana, ine mwini mbumba. Ndinamuuza kuti zonse zija linali bodza, kulibe mzere, kulibe lamulo, ndinangofuna kuseketsa anthu. Anandiyang'ana, thonje lili m'kamwa, n'kufunsa kuti bodza ndi liti, lija kapena ili.

M'mawa mwake titatuluka m'tchalitchi ndinapita naye kwa a Rodrick. Atamva, chipewa chinagwa chokha. Analumbira kuti amawo ali moyo kwa Zulu, konkuno ku Mchinji, ndipo amawakalipira sabata iliyonse, n'kumuonetsa chithunzi chawo pafoni. Ivy anawafunsa ngati amawowo amawadziwabe ndi ndevu zonsezo. Iwo anati amawadziwa ndi kakhosomoledwe, asanalowe n'komwe pabwalo. Ivy anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti akutiyesa gulu limodzi, ndipo sanalakwe.

Lolemba tinapita kuchipatala, ulendo uno tikunena zoona zake. Anamwino amene tinawapeza, mayi wachikulire, anati vutoli dzina lake ndi nkhawa. Anati nkhawa ya mwana siyankhula, imalowa m'mimba, m'mutu, m'tulo, ndipo kupweteka kwake n'kwenikweni, si chinyengo. Anatiletsa kumangomuuza kuti asaope, chifukwa mwana sasiya kuopa, amangophunzira kubisa. Anati tizimufunsa, tizimvetsera mpaka amalize, ndipo tizimuuza zoona zokhazokha ngakhale pa tinthu tating'ono. Apa anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi.

Anamufunsa Ivy kuti chimene chimakhala m'mimbamo chimafanana ndi chiyani. Iye anati kachule. Ndiye pakhomo pano tikuweta kachule. M'mawa timafunsa kuti kadzuka bwanji. Kakayamba kulumpha, Ivy amakoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati akuziziritsa tiyi, kasanu, alamu ako akuchita naye limodzi. Inenso ndimachita nawo, ngakhale amati ndimapuma ngati thiraki pachitunda. Pakudya sitimuyang'ananso m'mbale. Dzina lija la Dona Sindidya ndinaliletsa kusukulu, ndipo ndinauza anawo kuti wolakwa ndi amene analiyambitsa. Dzulo wamaliza mbatata yonse ndi chiponde. Dzana sanadye kanthu, chifukwa mlendo wina anamuuza kuti wakula ndisanathe kumuponda phazi. Zikuyenda choncho, tsiku labwino, tsiku loipa. Anamwino atiuza tibwererenso pakatha masabata atatu.

Koma mawu anga kwa iye atsika mtengo ngati fodya wonyowa. Wotsala ndiwe. Ndiye ndikukupempha, ndipo ukudziwa kuti sindinazolowere.

Ukawerenga kalatayi umutumizire mawu pafoni ya alamu ako, osati yanga. Umuuze kuti wamva za dzino ndipo ukufunitsitsa kuona mpata wake. Umuuze kuti diresi linachepa chifukwa iwe unalakwitsa poyeza, iye sanalakwe pokula. Usamukakamize kuonekera pa vidiyo, akafuna abwera yekha. Zobwera pa Pasaka, ngati abwana ako sanatsimikize tchuthi, usatchule tsiku. Kuli bwino amve kuti sukudziwa kusiyana n'kumupatsa tsiku loti lidzadutsa iye ali chiimire pageti.

Chachikulu ndi ichi. Iwe ndi ine tinayamwa bere limodzi, ndipo matenda a pakamwawa tili nawo tonse. Ndikukuona kale ukutulukira pageti chikwama chili pamutu, ukuima patsogolo pake, ukuyang'ana uku ndi uku, n'kufunsa kuti namwali wamtaliyu ndi wa yani, nanga Ivy wanga mwamubisa kuti. Mayi aliyense amatero. Iwe usadzatero, ngakhale kamphindi. Usadzati wakula. Usadzati waonda. Udzamuitane dzina uli patali, iye asanakuone.

Zondikalipira udzachite pambuyo pake. Ndidzakhala ndilipo, sindithawa, ndipo alamu ako alonjeza kukuthandiza pomwe mawu angakuthere. Udzawathokozenso pagulu, kuchigayo komweko ngati n'kotheka, chifukwa dzina lawo linada ndi lilime langa.

Undiperekere moni kwa azakhali a Anasi ndi ana awo onse kumeneko, uwauze kuti tikuwakumbuka. Mulungu akusunge pantchito, afewetse mtima wa abwana ako, ndipo ine azinditseka pakamwa ana akakhala pafupi.

Ivy wandipeza ndikulemba. Ndamuuza zoona, kuti ndikulembera iwe za iye. Waganiza pang'ono, kenako wati ndikuuze kuti tsikulo adzaima kumanzere kwa geti, pansi pa chikwangwani chachikulu, atakweza dzanja, kuti usadzavutike kufunafuna. Wandiimirira mpaka ndalemba, ndipo mzere umenewu wauwerenga yekha ndi chala, liwu ndi liwu, kuti aone ngati sindinawonjezerepo zanga.

Ndine mlongo wako wolakwa,
Cyprian