Dzino Limene Munathyola

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji, ngati kumeneko kumadzukidwa?

Kuno ku Wenya tilipo. Ndikulemba m'Chichewa chomwe chija munkachitcha chilankhulo cha m'wailesi, poti ndicho chokha sukulu inaphunzitsa dzanja langa. Chitumbuka chinatsalira pakamwa. Mupeze wokuwerengerani, kumeneko aphunzitsi sasowa. Chonditonthoza n'chakuti m'dziko lonse lino, iyi ndiyo kalata yokhayo imene sadzaitsegula panjira.

Ndiyambe ndi zokoma. Mwana wanu Tamala wachira, wabereka wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, ndipo watengera ndi mawu omwe: akalira, nkhuku za makomo atatu zimabalalika. Mawere tinakolola okwanira, ngakhale mukadakhalapo mukadati tinapalira ngati anthu obwereka manja. Nyemba zinaola ndi mvula. Denga la khitchini linanyamuka ndi mphepo mwezi wathawu, linalowera ku Zambia lopanda chiphaso, ndipo silinabwerebe.

Tsopano khalani pansi. Ndili ndi mlendo. Ali ku dibi kumene ndimagwira ntchito, m'kanyumba kosungira mankhwala a ng'ombe, m'katoni, pashelefu yapamwamba. Atha masabata atatu ali pamenepo. Sindingamubweretse kwathu inu musanalole, chifukwa cha mawu aja munatisiyira pamphasa tsiku lomaliza: "Bambo wanuyo akadzatopa ndi mkazi wake wa ku Zambia n'kubwera kudzafera kuno, asadzagone pafupi ndi ine." Ndiye mundimvere mpaka ndimalize, osandidula pakamwa monga mwa chizolowezi chanu.

Mukukumbukira chigwembe chija cha kuseri kwa munda wathu wakale, polowera ku Mafinga? Mvula ya chaka chino inachigumula mbali imodzi. Amayi atatu omweta udzu wofolera anatsikiramo mwezi wathawu, ndipo anatulukamo opanda zikwakwa, wina wopanda ndi mpango womwe. Patapita masiku awiri kunabwera wapolisi, sajeni, munthu wa kummwera, atavala majuzi awiri koma akunjenjemerabe. Dokotala wa anthu anali atapita kuboma kukatenga mankhwala, choncho sajeniyo anatumiza mawu ku dibi kuti ndibwere.

"Inu ndinu a dokotala a ng'ombe? Mafupa mumawadziwa?"

Ndinati ndimadziwa a miyendo inayi.

"Tiyeni, mukangochotserapo iwiri."

Tinatsika dzuwa lili paliwombo, koma m'chigwembemo munali nkhungu ngati m'mawa. Anthu anaima m'mphepete, pamwamba, palibe anafuna kutitsatira. Mafupawo anali mbwee m'dothi lofiira, ena atakokoloka, ena akadali m'khoma la chigwembe ngati mizu. Ndinayala thumba n'kuyamba kuwandandalika monga anatiphunzitsira ku koleji, lalikulu kwa lalikulu, lamanja kumanja. Musaganize kuti ndinkaopa. Ndinkanyada, Amayi. Anthu onse aja akundiyang'ana, ine ndikuyeza fupa la ntchafu ndi chingwe ngati mzungu.

Chiuno chinali chopapatiza, ndiye ndinadziwa kuti ndi mwamuna. Fupa la ntchafu ndinaliyerekeza ndi langa, linandiposa ndi zala ziwiri. Kenako a Sajeni anatokosa ndi ndodo n'kutulutsa waya wa mpanda, wopotedwa mikombero iwiri yolumikizana, yongokwana mikono ya munthu. Mikono inachokamo kalekale, waya yekha ndiye anatsala akugwirabe ntchito yake. Chigaza chinali pansi pa mwala, chozondoka. Kunkhongo kwake kunali bowo. Bowo limenelo ndimalidziwa, ndimaliona pamutu pa ng'ombe tsiku lililonse lopha: ndi kumsana kwa nkhwangwa.

Ng'ombe timaiwerenga zaka ndi mano, ndiye dzanja langa linangochita zimene linazolowera. Ndinatembenuza chigaza, n'kupukuta dothi ndi chala chachikulu.

Amayi, dzino lakutsogolo, lam'mwamba, lakumanzere. Lothyoka mopendekera ngati nsonga ya tchizulo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri tsiku limene munaponya mbale yachitsulo ija, adada atabwera kuchokera ku ukwati atavina kawiri ndi mkazi mmodzi. Munalinga khoma, mwatero moyo wanu wonse, koma khomalo linali ndi ndevu. Iwo analavula kachidutswa m'manja, anakayang'ana, n'kunena kuti, "Yewo, Nyakayira, wandikonzera poimbira mluzu." Ndipo kuyambira pamenepo ng'ombe zathu sizinkafuna chikwapu. Ankangoimba mluzu wa padzino paja, zonse n'kutembenuka.

Ndinakhala pansi m'matopemo. A Sajeni anandiyang'ana, anayang'ana waya uja, anayang'ananso kumwamba kumene kunaima anthu. Si munthu wopusa. Anapinda wayayo n'kumuika m'thumba la juzi yam'kati, kenako anayankhula motsitsa ngati akufunsa njira.

"Achimwene, ndamva kuti kuno ku Mafinga anyani ake ndi akuluakulu. Eti?"

Ndinapukutanso dzino lija ndi chala, iwo n'kupitiriza.

"Chifukwa akakhala munthu, ndinyamula zonsezi kupita nazo kuboma. Kuboma azitumiza kutsogolo. Kutsogoloko afunsa kuti anali yani, analakwira yani, abale ake ndani, amagwira ntchito yanji. Akatopa kufunsa, akaidi akakwirira kuseri kwa ndende. Koma akakhala nyani, si nkhani ya polisi. Ndi ya a zowetazoweta. Mwini wake ndinu, mukataya kumene mukufuna."

Anandipatsa fomu ndi cholembera, n'kutembenuka kuti ndilembere pamsana pake.

Mwawatchula mayina ambiri adada pa zaka khumi ndi zitatu zija, Amayi. Tambala, fisi, mbuzi yodula chingwe. Koma dzina ili ndawapatsa ndine, mwana wawo wophunzira, ndi dzanja langa, ndipo lili ndi chidindo cha boma. Ndinalemba kuti: mafupa a nyani wamkulu, wamphongo, wofa yekha.

Potuluka ndi katoni paphewa, pamwamba paja ndinakumana ndi a Tcheyamani a chipani, omwe aja anayankhula mokoma pamaliro anu. Akalamba, akuyendera ndodo tsopano.

"N'chiyani, mwana wane?"

Ndinati ndi nyani.

"Eya. Koleji imathandiza."

Anthu anaseka, amayi omweta udzu aja anayamba kunyozana kuti anathawa nyani wakufa. Ine ndinadutsa. Nditayenda pang'ono ndinacheuka, ndipo ndinaona a Tcheyamani atavula chipewa, atachigwira pachifuwa. Amayi, ndani amavulira nyani chipewa?

Tsopano tiyeni tiwerenge limodzi, inu ndi ine, poti nthawi ija ndinali kusekondale ndipo zambiri ndinazimva kwa inu. Anyamata a malaya ofiira anabwera kudzasonkhetsa mphatso za mlendo wamkulu, anafuna ng'ombe yathu yapagoli. Adada anayankha pa dibi, anthu ali gwa, kuti ng'ombe zawo sizinagule khadi la chipani, ndiye kumsonkhano sizingaloledwe. Anthu anaseka. Inu simunaseke. Munawauza kuti mphepo ya kuno siulutsa madenga okha, imaulutsanso mawu. Patapita masiku atatu anapita kukadula mitengo ya khola, osabwerera. Munalira sabata yathunthu, munayamba kusonkhanitsa abale kuti akafufuze m'mapiri. Ndiye kunabwera munthu, anakhala pampando wa adada, anamwa madzi athu, n'kunena mwachisoni kuti wawaona ndi maso ake ku Muyombe, kutsidya, ali ndi mkazi woyera wovala wigi. Munthuyo anali yani, Amayi, si yemwe uja wavulira nyani chipewa?

Ankakudziwani. Mudzi wonse unkadziwa nkhani ya mbale. Akadati adada agwidwa ndi chilombo, mukadagubuduza mwala uliwonse wa Mafinga. Akadati amangidwa, mukadayenda wapansi mpaka ku Zomba. Koma anati mkazi, ndipo tsiku lomwelo munabweza abale, munatentha jekete, njinga munapatsa mlaliki. Munthu wothawira mkazi safunidwa. Munkati mbuzi ikadula chingwe usafunse kumene yapita, funsa kumene kuli chimanga chanthete. Mbuzi yanu sinadule chingwe. Inagona pamtunda woti mukadaitana mokweza, ndi mawu anu aja, ikadamva.

Sindikukudzudzulani. Nanenso ndinakhulupirira. Ku koleji pafomu ndinkalemba kuti bambo ali ku Zambia, ndipo ndinkalemba mokwiya mpaka pepala kubooka.

Mmodzi yekha sanakhulupirire: Chitenje, ng'ombe yamawangamawanga ija. Mukukumbukira mmene inkathawira m'gulu n'kukaima pamphepete pa chigwembe, mutu pansi, ikulira? Munaimenya, munaimanga mwendo, pomaliza munati yapenga, inaphedwa pa Khirisimasi. Tinaidya, Amayi. Mboni yokhayo pamlanduwu tinaidya ndi mpunga.

Pali zinanso, ndipo ndikuuzani monga munthu wa sayansi. Abusa akhala akunena kwa zaka zambiri kuti m'chigwembemo mumamveka mluzu masana. Ine ndinkawaseka, ndinkati ndi mphepo yopyola m'miyala. Chichotsereni mafupa aja, akuti mluzu uja watha, pamene mphepo ikuombabe ndipo miyala ilipobe. Ku dibi nako, mukudziwa mmene ng'ombe zimakanira kudumphira m'mankhwala, mpaka zikwapu kuthyoka. Masabata atatu ano zikulowa zokha, pamzere, ngati amayi a chigwirizano. Zikatuluka sizithamangira kubusa. Zimaima kuyang'ana chitseko cha kanyumba kaja, makutu ali tcheru, madzi akuchucha, zonse zii. Eni ake akunditamanda kuti ndapeza mankhwala abwino. Aphunzitsi anga akadati zikumva fungo la mchere. M'kanyumbamo mulibe mchere.

Tamala ndinamuuza. Ndinamutengera ku dibi masana, mwana ali kumsana, ndinatseka chitseko n'kutsegula katoni. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Dzino la amama." Sanalire mokweza, poti kunja kunali anthu. Anamasula mwana, anamutembenuzira kukatoniko, n'kunena kuti, "Adada, monire. Uyu ndi Nyakayira wamng'ono, koma musaope, sanayambe kuponya zinthu." Tinaseka, Amayi, pakamwa titatseka ndi manja, mpaka kusekako kunasanduka zina.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mawu a munthu wakufa sathyoledwa, ndikudziwa. Koma munaletsa mwamuna wotopa ndi mkazi wa ku Zambia, ndipo mwamuna ameneyo sanakhaleko. Amene ndili naye ine ndi wa jekete lija munatentha, amene anapita kukadula mitengo ya khola lanu. Komanso musandinamize. Pogawa katundu wanu tinapeza mbale zatsopano zinayi zosagwiritsidwapo ntchito, pamene inu zaka zonsezi munkadyera m'mbale yachitsulo yophwanyika m'mphepete. Tamala ankati ndi kuumira. Ine ndaika chala m'kachibowo kake, ndipo ndikudziwa chimene chinaiphwanya.

Mwinanso ndikuvutika chabe. Mwina munafika kumeneko mutakonzekera kudikira kuti adada adzabwere mudzawalalatire, n'kupeza akhala pakhomo zaka khumi ndi zitatu akukudikirani inu. Ngati zinatero, ndikadakonda kuona nkhope yanu. Sindinakuonenipo mukupepesa.

Chaka chikukwana, ndipo Loweruka lino tiyamba kumanga chiliza pamanda anu. Maziko ndikumba ndekha Lachisanu. Ndauza abale kuti ndi ulemu wa mwana wamwamuna, ndipo andiyamikira. Mmisiri ataona muyeso wanga anakanda mutu. "Kodi mayiwa anali aakulu chonchi? Ine ndimakumbuka kamunthu kochepa." Ndinati sanakuoneni mutakwiya. Katoni idzakwera ngolo pakati pa matumba a simenti. Tamala wachapa nsalu yanu yobiriwira ija, tidzawakulunga m'menemo. Sipadzakhala nyimbo, sipadzakhala mlaliki, sipadzakhala wolira. Tidzangokhala awiri ndi khanda, dzuwa likuswa mtengo, ngati anthu oyeza maziko.

Tsiku lovundukula chiliza a Tcheyamani adzayankhula, sangalephere. Ndidzawaikira mpando kumanzere kwanu, pamwamba penipeni pa adada, ndipo ndidzawapempha kuti ayankhule motalika.

Ngati mukukana, muli ndi masiku anayi, ndipo simunasowepo njira yonenera zakukhosi. Mukakhala chete mpaka Lachisanu, ndidzati mwalola. Ndiye sunthirani kukhoma pang'ono, Amayi. Munthuyu wazizidwa nthawi yaitali, ndipo sadzatenga malo ambiri.

Pamwala ndalembetsa dzina lanu lokha, m'mwamba, koma pansi pake ndasiya malo a mizere iwiri. Ndikulonjeza kuti tsiku limene pakamwa padzatseguke m'dziko muno, ndidzabwera ndi tchizulo n'kulemba dzina la adada lonse, lenileni, ndi chimene chinawachitikira. Likadzandipeza nditabwera kale kumeneko, Tamala akudziwa pamene pali tchizulocho.

Ndimakukondani nonse awiri. Musayambane msanga.

Ine mwana wanu,
Wedisoni