Tsiku Limene Ndinasambitsa Bambo

Zengeza 3
Chitungwiza

Wokondedwa mlongo wanga Obadiah,

Landira moni wochokera kwathu kuno. Uli bwanji ku Polokwane, ku Joni kumeneko? Alamu anga a Moreblessing ali bwanji, nanga ana? Chifuwa chija chimakugwira nthawi yozizira chinakusiya? Ife tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu ako a Tonderai akadali pa kombi, minibasi yawo ija ya ku Harare, mwana wathu Rutendo ali kusukulu. Za Bambo ndiye nkhani yonse ya kalata ino.

Uthenga wako wamawu uja ndinaumva. Ndinautsegula ndili pamzere wa madzi kumjigo, ndipo mwayi wake amayi omwe ndinayandikana nawo samva Chichewa. Unakalipatu, mwana wa amayi. Sindinkadziwa kuti uli ndi mawu aakulu chonchija, iwe amene unkathawira kuseri kwa nyumba nkhuku ikamaphedwa. Unati ndachititsa banja manyazi, ndalaula, ndachita zomwe mwana wamkazi wakwathu sachita.

Sindinakuyankhe pafoni chifukwa ndimadzidziwa. Ndikanayankha tsiku lomwelo, bwenzi pano tisakulankhulana. Ndiye ndati ndilembe, a Naison, a geni aja, akupatsire akamabwera kudzatenga katundu wawo kumeneko. Uwerenge mpaka kumapeto, ukatero ukalipe bwino.

Zimene anakuuza azakhali a Maliya a ku Unit C, kuno ku Chitungwiza, n'zoona. Bambo ndimawasambitsa ine. Koma azakhaliwo anakuuza pothera nkhani, poyambira anasiya.

Pamene unabwera komaliza, Bambo anali atangodwala sitiroko, koma ankakhalako pampando pakhonde. Pano sadzukanso. Mbali yakumanja yonse inafa, pakamwa panapotoka, mawu amatuluka limodzilimodzi. Poyamba ankawasambitsa a Godknows, bambo aja ankachita lendi chipinda chakuseri. Iwo atapita kokumba golide ku Shurugwi, ankabwera a Paulo, mkulu wa mpingo mnzawo uja anachoka nawo limodzi ku Malawi ali anyamata. Koma a Paulo nawo ndi a ndodo. Tsiku lina akutembenuza Bambo msana unawagwira, ana awo n'kuwaletseratu.

Alamu ako anadzipereka, ndisawanamizire. Analowa ndi beseni, mwaulemu, akuomba m'manja monga amachitira kwawo. Bambo anatola kapu ndi dzanja lamoyolo n'kuwagenda nayo. Anati bola kufa kusiyana ndi kuvulidwa ndi mkamwini.

Nditayesa ine, anatembenukira kukhoma. Anati kwawo ku Ntcheu mwana wamkazi akakula salowa n'komwe kuchipinda kwa bambo ake, ndipo kulowa kumene ndinkalowa ndi chakudyaku ankangondipirira. Anandilola kuwapukuta kumaso, manja ndi mapazi basi. Ndikati ndisunthe bulangete, ankaligwira. Dzanja limenelo ndi lija linkanyamula matumba kusiteshoni ya sitima, ndipo mphamvu zake sizinathe.

Unali mwezi wa Okutobala, ukudziwa mmene malata athu amatenthera. M'chipindamo munayamba fungo. Ndinkatsegula windo, ntchentche n'kulowa. Ndinkatseka, fungo n'kukula. Nesi wina wa kumpingo kwathu amene amayendera odwala m'makomo anabwera, ine ndinadikira panja. Anatuluka nkhope itasintha. Anandikokera pambali n'kundiuza m'Chishona kuti sekuru vari kuora vari vapenyu, akuwola ali moyo. Anati kumsana ndi m'chiuno muli zilonda, ndipo akapanda kusambitsidwa ndi kutembenuzidwa tsiku lililonse, zifika pafupa, kenako tidzawaika m'manda chifukwa cha zilonda osati sitiroko. Iye ali ndi makomo ambiri, sangabwere kawirikawiri.

Sabata imeneyo ndi ija ndinakuimbira, iwe n'kundilembera kuti mapepala ako anatha, ukawoloka Limpopo sudzabwereranso kuntchito. Ndinamva, ndipo sindikukuimba mlandu.

Ndinapemphera, koma usaganize kuti anali mapemphero okoma. Ndinkakangana naye Mulungu. Ndinamufunsa chifukwa chake anapatsa Bambo mwana wamwamuna n'kukamuika kutsidya, kuno n'kusiya ine wa msana wovuta chibadwire Rutendo. Lachinayi ku Mvano ndine ndimaimirira kuuza amayi anzanga kuti tsamirani pa Yehova, ndipo pakamwa panga pamatha ntchito imeneyo. Sabata imeneyo ndinazindikira kuti ndakhala ndikulondolera anthu njira yomwe ine sindinayendemo.

Kenako nzeru zinandibwerera, ndipo ndinasangalala nazo kwambiri. Ndinati ngati vuto ndi maso, ndimanga maso. M'mawa nditabwera kumjigo ndinafunditsa madzi, n'kuwauza Bambo kuti ndimanga duku kumaso, ndiwasambitsa mopapasa, sindiona kanthu, mwambo wawo ukhala wathunthu. Anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako anasiya bulangete lija. Mumtima ndinati Mulungu wayankha, ndipo ndinali nditayamba kale kukonza umboni wokanena Lachinayi.

Malaya ndinawavula bwinobwino. Vuto linabwera powatembenuza. Munthu wakufa mbali imodzi sakuthandiza, amangobwera yense ngati thumba, ndipo ine wosaonayo sindinadziwe kuti ali m'mphepete mwa bedi. Ndinangomva akutsetsereka. Pofuna kuwawakha ndinaponda beseni, madzi onse n'kukhuthuka, tonse awiri n'kugwera pasimenti, iwo pamwamba pa miyendo yanga.

Useke ngati ukufuna, koma duku lija sindinalichotse. Bambo ali pansi, ine ndikupapasa mutu wawo kuti ndimve ngati pali magazi, maso ali chimangire. Ndi mmene mwambo unandigwirira nanenso.

Pakhomo panalibe munthu. Alamu ako anali pamsewu, Rutendo kusukulu, alendi onse kuntchito. Ndikanakuwa, akanathamangira ndi amayi oyandikana nawo nyumba, n'kudzawapeza Bambo mmene analirimo. Ndinayesa kuwanyamula, msana unandidula ngati mpeni. Ndinayesanso, osasuntha n'komwe. Ndinakhala m'madzi muja n'kulira ngati mwana. Ndinamuuza Mulungu kuti ine ndathera pomwepa, mphamvu ndilibe, nzeru zanga ndi izi zatigwetsa, ngati akufuna munthu wake afere pasimenti anene yekha.

Ndili m'kati molira ndinamva dzanja likundikhudza kumaso. Anali Bambo, akukoka duku. Analikoka mpaka linagwa, ine n'kutsinzina msanga. Pamenepo analankhula, ndipo chidwalireni sindinawamvepo akulankhula momveka chotero. Anati nditsegule maso ndisawaphe. Anati manyaziwo ndi awo, ndiye wotsinzina akhale iwo.

Ndinatsegula. Anali atatsinzinadi, misozi ikutsikira m'makutu.

Obadiah, Bambo anatha. Munthu uja tinkamuopa akangotsokomola pageti watsala mafupa. Maliseche omwe azakhali akunenawo ine sindinawaone n'komwe. Chomwe ndinaona ndi zilonda, china chachikulu ngati chikhatho changa, nsalu itamatirira. Ndinadzida kuti ndinadikira nthawi yonseyo.

Iwo anayamba kupemphera chapansipansi, mawu osamveka bwino, koma ndinadziwa kuti ndi pemphero chifukwa cha kamvekedwe kake kaja ka pa chakudya. Ndinagwada, ndinalowetsa mikono m'khwapa mwawo, ndinati Ambuye ndi Inu, n'kudzuka nawo. Sindikuuza kuti kunabwera mngelo. Msana unapweteka chimodzimodzi, ndipo ukupwetekabe pamene ndikulemba pano. Koma Bambo anapezeka ali pabedi. Ine amene thumba la ufa amachita kunditsitsira ena pamsika wa Chikwanha. Iwe ulongosole mmene ungafunire, ine ndikudziwa amene ananyamula.

Ndinawafunditsa n'kubwerera kumjigo kukayambiranso mzere, chitenje chili chonyowa, amayi akundiseka kuti ndasamba ndi zovala. Kusamba kwenikweni kunachitika masana. Ndinatsuka zilonda ndi madzi amchere monga ananenera nesi, ndinawadzoza mafuta, ndinawaveka malaya oyera aja ankavala pa Mgonero. Nditamaliza anatsegula maso n'kunena kuti zikomo amayi.

Ndinkayesa angonena. Koma mawa lake anateronso. Patapita masiku anandifotokozera, pang'onopang'ono, kuti kupatula mkazi wake, mkazi amene angasambitse mwamuna popanda mlandu ndi mayi ake omubereka. Ndiye iwo aona kuti Mulungu wawabwezera mayi awo. Umu ndi mmene akhazikitsira mtima wawo pansi, ndipo ine sindinawatsutse.

Azakhali anabwera osanena, n'kundipeza ndikutuluka m'chipinda ndi beseni. Anafunsa, ndinawauza zoona. Anachoka tiyi ali pamoto, ndipo zotsatira zake ndi uthenga wako uja. Sindikuwada, agwira zomwe anakula nazo. Kungoti ali ndi ana aamuna atatu ku Unit C komweko, ndipo sindinamve kuti atumizako mmodzi.

Zilonda zija zikuuma tsopano. Chachikulu chija chayamba kutseka m'mbali. Nesi atabweranso anagwedeza mutu, nati ndapulumutsa munthu. Ndinamuuza kuti akanandiona mmene ndimakhalira m'mawa sakanatero. Masiku ena ndimakhala pamphepete pa bedi langa, beseni lili potero, n'kumuuza Mulungu kuti lero lokha sindikwanitsa. Kenako ndimapezeka ndadzuka. Kale ndinkaganiza kuti Mulungu akapatsa munthu mphamvu amamupatsa zambiri, zoti asunge. Ine sandipatsa choncho. Amandipatsa ngati madzi a ku Zengeza kuno, ndowa ya tsiku limenelo, mawa ndikaimenso pamzere. Poyamba zinkandikwiyitsa. Pano ndaona kuti tsiku loti ndabwerako chimanjamanja silinafike.

Tsono ufunsa kuti ngati zikuyenda, ndikukuvutitsiranji. Pali chinthu chimene ine sindingawapatse Bambo ngakhale nditapemphera bwanji.

Ndikangolowa ndi beseni amatsinzina, ndipo satsegula mpaka nditamanga batani lomaliza. Nsagwada amazilimbitsa, dzanja lija limagwira chitsulo cha bedi. Sadandaula, koma akupirira, ndipo ndi tsiku lililonse. Munthu amene ankakonda kusamba akuimba mpaka amayi kumugogodera chitseko, lero kusamba kwasanduka chilango chake.

China ndi changa, ndipo ndinena ngakhale chikumveka chachibwana pa msinkhu wanga. Dzina loti Florida linachoka pakamwa pawo. Ngakhale pofuna madzi akumwa amati amayi. Amandilemekeza, amandiyankha mwaulemu ngati mlendo wamkulu, sandikalipiranso. Ndikulakalaka atandikalipira. Amayi athu anapita, ndipo tsopano ndikuona ngati Bambo nawo ndawataya ali moyo, chifukwa munthu sangakhale mayi ndi mwana nthawi imodzi. Zimandipweteka, mlongo wanga.

Nesi akuti mtima wawo wafooka, ndipo sakulonjeza kuti aona kutha kwa mvula ya chaka chino. Sindikukuopseza, ndangokuuza mmene anandiuzira.

Ndikudziwa za mapepala. Ndikudziwa kuti ukabwera mwina ntchito ithera pomwepo, ndipo ana ako amadya ntchito imeneyo. Si nkhani yaing'ono, ndipo sindinama kuti ndikudziwa mmene idzathere. Ndikuganizanso kuti kukalipa kuja sikunali kwa ine ndekha. Unkadzikalipira wekha, chifukwa ukudziwa mwini wake wa beseni limeneli. Nawenso uli pasimenti pako kumeneko. Ine ndilibe nzeru zoti ndikupatse, zanga unamva mmene zinathera. Ndingokuuza kuti pamene ndinanena kuti ndathera pomwepa ndi pamene ndinadzuka, ndipo Mulungu ameneyo njira ya pa malire a Beitbridge amaidziwa.

Bwera, Obadiah, ngakhale sabata imodzi. Udzawasambitse Bambo ako ali chiyang'anire, akuuze kuti madzi atentha, akunyoze kuti manja ako ndi aulesi monga ankachitira kale. Ine ndidzakhala panja pa chitseko ndi thaulo, ngati mwana wamkazi wakwathu.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, uwauze kuti azakhali awo amawatchula m'pemphero. Alamu ako akupereka moni, akuti kapu ija anaikhululukira. Rutendo akuti ndikuuze kuti akukusowa, wanena m'Chishona koma ine ndalemba m'chathu. A Paulo nawo amakufunsa Lamulungu lililonse. Bambo ndawauza kuti ndikukulembera. Anangondifunsa kuti basi ya ku Joni imafika nthawi yanji.

Ambuye akusunge, akulimbitse pomwe wafooka, akutsegulire njira.

Ndine mlongo wako,
Florida,
amene ndikhale amayi mpaka iwe utafika.