Anapiye Achoke Pansi pa Sandali

Lachiwiri, 11 Malichi
Mwana wathu Sitora watsokomola kuyambira m'bandakucha. Magetsi azimanso. Anapiye akadali m'katoni pansi pa sandali, tebulo lathu lalifupi lowotherapo moto, pambali pa mbaula ya makala, mugombeza momwe tonse timalowetsamo miyendo. Fungo lake losanena. Mkazi wanga Mohira wabwera kuchokera ku chipatala nkhope ili ndwii. Akuti adokotala ananunkhiza malaya a mwana n'kufunsa ngati timagona m'khola. Kenako Mohira wandifunsa: "Bambo a Sitora, mwana wanu ndi uti? Uyu kapena a nthengawa?" Anapiye 60. Nthenga zamera m'mapiko ndi kumsana basi, m'khosi mudakali ubweya. Sanafike potuluka.

Lachitatu, 12 Malichi
Aka Nozim, achimwene a Mohira, aimba foni. Gulu lawo la zomanga likupita ku Russia ikangotha Navruz, chikondwerero cha chaka chatsopano. Malo anga alipo. "Alamu, anzanu amalera ana, inu mukufungatira mazira?" Kuseka. Ndati adikire kaye. Anapiyewa akapulumuka ndikhala. Akafa ndipita, Sitora ndizikamuona pa foni akuyamba kuyenda.
Katoni ndaichotsa pa sandali, ili pakhomo. Kulira kwa anapiye ngati ndikuwapha.

Lachisanu, 14 Malichi
Masana opanda moto. Madzulo njerwa ziwiri zotentha za mu uvuni wa buledi, zokulunga m'sanza. Ndikuona tsopano. Akamwazikana n'kumadya mwakachetechete, ali bwino. Akaunjikana n'kumalira kwambiri, azizidwa. Mawa njerwa imodzi.
Chifuwa cha mwana chikumveka ngati chitseko cha dzimbiri. Katoni idakali m'nyumba, ndipo Mohira akundipatsa tiyi osandiyang'ana.

Lamlungu, 16 Malichi
Dzuwa labwino. Mitengo ya zipatso ya maapurikoti yachita maluwa mudzi wonse. Ndasesa khola lakale la mbuzi, ndayala udzu wouma, ndawasamutsa. Athamanga, akupiza timapiko, wina wagwira nyongolotsi anzake n'kumuthamangitsa. Ndaseka ndekha. Ndimafuna kudikira sabata ina, koma mwana. Njerwa sindinaike. Kunja kwafunda, makala atsala ochepa.

Lolemba, 17 Malichi
Chisanu. Maluwa onse ada. Madzi m'beseni aundana gwa ngati mwala.
Anapiye asanu ndi anayi afa. Pakona, pansi pa anzawo. Si kuzizira kokha, apondana. Mmodzi anali akupumabe, ndamuika m'malaya pachifuwa, wafera momwemo.
Ndinanyamula katoni kuti ndiwabwezere pa sandali. Ndafika pakhomo, mwana watsokomola m'kati. Ndaima. Ndabwerera ku khola.

Lachiwiri, 18 Malichi
Awiri ena. Njerwa zikuzizira kusanache. Aka Nozim atumiza uthenga: matikiti akugula Loweruka. Ndatsitsa chikwama pa kabati kuona ngati zipi ikugwira. Mohira anali pakhomo, Sitora ali pa bere.

Lachinayi, 20 Malichi
Dzulo ndinapita kukapempha njerwa zina kwa oyandikana nawo. Pobwera ndamva hamala m'khola. Mohira. Watsitsa gombeza lake la ukwati, lofiira lija la pamwamba pa bokosi, limene amayi ake anasoka, limene ngakhale alendo sitinawafunditsepo. Walikhomera m'munsi ngati denga, walipinda m'makona monse kuti pasakhale pounjikana. Misomali ili pakamwa. Ndati mayi a Sitora, mwapenga? "Gwirani uko. Amayi akafunsa, zinalidya njenjete."
Lero m'mawa onse 49 amoyo. Agona mozungulira, osakwerana. Gombeza ladzaza zitosi m'mphepete. Iye walipenya kamodzi, wapita kukakanda ufa.
Sitora wagona osatsokomola mpaka masana.

Lachisanu, 21 Malichi
Navruz. Ng'oma kusukulu, ife sitinapite. Njerwa imodzi usiku wapitawu, sanaiyandikire n'komwe. Ndatsegula khola, atuluka okha padzuwa, m'khosi mwayamba kumera nthenga.
Ndaimbira Aka Nozim. Ndati malo anga apatse wina. Anati, "Mwaganiza bwino, alamu? Gulu lina kulibe mpaka chaka chamawa." Ndati eya.
Chikwama ndabweza pa kabati.
Mphepo yatembenuka. Ikuchokera kumapiri, mitambo yakuda. Mohira wayatsa kale uvuni, akuti ndibweretse njerwa zonse.