Ulusi wa Buluu pa Keke ya Ukwati

Lachitatu, 9 Julayi

Okondedwa ndi olemekezeka Achimwene,

MUTU: Pempho la magalasi a malemu bambo

Mwaulemu ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani nkhani imene yagwa kuno kuntchito, komanso kupereka pempho lili pamwambali. Moyo ndili nawo, kaya inu ndi alamu.

Monga mukudziwa, udindo wanga pashopu ya makeke ndi wa fondanti, shuga wokanda uja timayala ngati nsalu n'kufunditsa keke. Wosankha ndine. Kukatentha ndimatenga wolimba, kukazizira wofewa, pakuti wolimba amang'aluka m'mphepete. Ndimapukuta tebulo kawiri, kudzola timafuta m'manja, n'kukanda mpaka afewe. Mpweya ukatsalira pansi pake ndimaboola ndi singano. Zaka zisanu ndi zinayi palibe anadandaulapo.

Lamulo la Madamu, eni shopu, ndi lakuti m'chipinda chokandiramo musalowe juzi, chifukwa fondanti woyera amatola kalikonse ndipo sabweza.

Loweruka lapitali kunacha kozizira kwambiri. Ndinavala juzi yanga ya buluu mkati mwa epuloni, ndipo nditamva galimoto ya Madamu ndinaivula n'kuibisa. Apa n'kuti keke ya ukwati yosanjikiza katatu nditaimaliza kale. Ndinaizungulira mbali zonse, ndinaona yoyera.

Masana mayi a mkwatibwi anatulukira ndi gawo lapamwamba m'manja. "Kodi mwana wanga akudula keke kapena bulangete?" anatero. "Alendo adye kapena aluke?" Akuti tiulusi ta buluu tinali ponseponse. Anandiyandikizira kumaso kwenikweni. Achimwene, sindinaone kanthu. Ndinangogwedeza mutu ngati ndaona.

Apa ndiye ndiulule. Chaka chino maso anga achita chifunga. Fondanti woyera ndi wachikasu pang'ono ndimawasiyanitsa ndi malo amene ndinaika ndowa zake. Zotsalazo akugwira ndi manja okha. Sindinauze munthu, ngakhale mlamu wanu.

Madamu anafunsa kuti analowa ndi juzi ndani. Kenaka anaona kansanza ka buluu ka mayi osesa katayanikidwa pazenera. Mayiwa ndi amasiye, akulera ana anayi. "Madamu, kansanzako n'kapansi, patebulo la amisiri sindifikapo," anatero. Anacheukira kwa ine. "Achimwene a shuga, nenani inu, munandionapo?" Ine ndinali kupukuta ndodo yoyalira. Ndinapitiriza kupukuta. Madamu anawachotsa ntchito tsiku lomwelo. Potuluka mayiwo ananditsanzika mwaulemu kuti, "Tsalani bwino, ntchito muigwire."

Choncho pempho langa ndi ili. Magalasi a malemu bambo ali m'sutikesi ya mayi athu, pansi pa zovala. Muwatumize ndi aliyense wobwera kuno lisanafike Lachinayi la sabata yamawa. Loweruka lake kuli keke ina yosanjikiza kasanu, yoyera yokhayokha, ndipo tsopano palibe wina wotsala woti asenze mlandu wanga. Kuchipatala sindinapite, pakuti kupempha tsiku lopuma ndiko kudziulula. Ndikudziwa kuti magalasi a munthu wina mwina sangandiyane, koma ndiyese.

Akakanika, ndidzakaima pamaso pa Madamu ndi kunena zonse, kuti mayi osesa aja aitanidwe, ine ndichoke. Akandithandiza, sindikudziwa ngati pakamwa padzatseguke. Ndalemba chilungamo kuti inu, amene muli m'malo mwa bambo, mundiweruze.

Mayi athu musawauze chifukwa chenicheni. Muwauze kuti ndangofuna kanthu kokumbukira bambo. Moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka wamng'onoyo amene sindinamuonebe. Nditapeza mpata ndikufuna ndimuone chaka chino chisanathe.

Poyankha mulembe zilembo zikuluzikulu, pakuti yankho lanulo sindingapatse munthu wina kuti andiwerengere.

Ine mng'ono wanu womvera,
wa kushopu ya makeke.