Dzanja la amakaniki ndi mafuta a mabuleki

Aphungu,

Ndikulengeza mwaulemu wonse kuti kuyambira Lachiwiri, bambo a kunyumba kwanga asiya kumanga okha mabatani a malaya. Udindowu wagwera ine, osafunsira n'komwe.

Bambowa ndi makaniki. Sabata yatha chitsulo cha kunsi kwa galimoto chinawacheka pachikhatho cha kumanja. M'malo mopita kuchipatala, anaitanitsa msonkhano wa madokotala a pagalaja. Wowotcherera zitsulo anathirapo mafuta a mabuleki. Wamatayala anakulunga ndi tepi yakuda ya magetsi, ati mphepo isalowe. Tepiyo yakhalapo masiku asanu.

Dzulo masana ndinaimatula iwo akuwodzera pampando. Dzanja latupa ngati buledi, likutentha, likutuluka mafinya, ndipo fungo lake ngakhale mphaka anatuluka panja. Pali kamzere kofiirira kokwera cha kuchigongono, m'khwapa muli mwanabere. Dzuwa likuswa mtengo, iwo ali m'bulangete.

Nditati tipite kuchipatala anandiyankha kuti, "Amayi a ana, ine ndimadzutsa injini zakufa, ndiye kabala aka? Mafinyawo ndi oyilo wakale, musiyeni atuluke." Nditani? Pakhomo pano timadya dzanja lomweli.

Ine,
T.N.

Mayi T.N.,

Madokotala a pagalaja ndimawalemekeza, koma odwala awo onse ndi achitsulo. Mafuta a mabuleki amawawa, ndiye anthu amati akugwira ntchito. Zoona zake amangopsereza mnofu. Tepi ija nayo inatsekera litsiro ndi chinyontho mkati, tizirombo n'kupeza nyumba yaulere.

Bala limene likupola limachepa ululu tsiku ndi tsiku. La amuna anu likuchita zosiyana: kutupa, kutentha, mafinya, fungo. Koma chimene chandiimitsa mutu ndi kamzere kaja, mwanabere ndi kuzizidwa. Zimenezo zikusonyeza kuti matenda achoka pabala, ayamba ulendo wa m'thupi. Apite kuchipatala lero. Osati akamaliza galimoto ya kasitomala, lero.

Musananyamuke, sambani m'manja ndi sopo, mutsuke balalo ndi madzi owiritsa amene azizira, muphimbe ndi kansalu koyera kouma. Ngati avala mphete, ivuleni chala chisanaimeze. Dzanja alikweze pachifuwa. Musafinye, ndipo musathiremo ufa wa makapisozi otsala a aneba. Kuchipatalako munene zonse, za mabuleki zomwe. Anamwino anamvapo zoposa pamenepa. Mufunse za jekeseni wa kafumbata, ndipo awayezenso shuga, chifukwa amachedwetsa mabala kupola. Mankhwala akapatsidwa amalize onse, asasiyire panjira poti dzanja laphwa.

Akakana, alankhuleni m'chinenero chawo. Afunseni chimene amamuuza dalaivala amene nyali yofiira ya oyilo yayaka, iye n'kuimata tepi kuti asamaione. Akapitiriza makani, itanani achimwene awo ndi wamatayala yemwe uja adzawanyamule. Anamanga ndi iye, aperekeze ndi iye.

Chenjezo langa n'lakuti musawanyengerere mpaka mawa. Injini ikafa amagula ina, koma sitolo ya manja sindinaionepo. Achimwene anga anali kalipentala, nthabwala zawo zinali ngati za amuna anuwa, ndipo ine ndinkaseka nawo. Atadzicheka padzanja, tinadikira masiku atatu okha. Mpaka lero ndikamawasitira malaya, mkono wa kumanja ndimaupinda n'kuumanga ndi phini.

Aphungu