Mbali Yakumanzere

Loweruka, 4 Meyi 2024

Kabwera. Kagalimoto kapetulo, kabuluu, chitseko chakumbuyo chotsegukira m'mwamba. Mipando isanu, ife tilipo anayi. Amene akabweretsa kuchokera ku Lusaka ndi alamu anga a Anderson, ndipo atangotsika anayamba: "Mulamu, mukanagula vani ya dizilo bwenzi mukunyamula makala. Aka n'kachidole."

Ine sindinafune ya makala. Ndinafuna yoti mwana wathu wamng'ono Rachel asamaponde fumbi la ku mgodi wakale popita kusukulu, ndi yoti amake Tionge asamalimbane ndi maminibasi miyendo ikawatupa. Kamamwa pang'ono. Kamalowa paliponse m'tinjira tathu ta mu Chowa.

Amake Tionge anaika dzanja pa boneti n'kupemphera. Tionge kujambula ndi foni, kutumiza kwa anzake a kuntchito.

Polowetsa pabwalo ndakhula chipilala cha geti, mbali yakumanzere. Onse anaseka. Ndinati zaka khumi ndi ziwiri osagwira chiwongolero, manja aiwala.

Chipilalacho ndinachimanga ndekha. Sindinachione.

Lamlungu, 12 Meyi

Kutchalitchi pa galimoto koyamba. Akulu a mpingo anzanga kukazungulira. Wina anati, "A Banda, tsopano odwala athu apeza ambulansi." Ndinakondwa, ndisaname.

Pobwerera, pafupi ndi msika, munthu wa njinga ndi matumba awiri a makala. Panalibe kanthu, kenaka ali pomwepo. Ndinaponda buleki mpaka Rachel anagunda mphuno pa mpando. "Adadi, simunawaone? Anali m'mbalimo kalekale."

Ndinati magalasi ali ndi fumbi. Masana ano ndawatsuka kawiri, sopo ndi nyuzipepala. Ayera mbee.

Lachiwiri, 28 Meyi

Kuntchito manambala a pa makatoni ndikuwerenga bwinobwino. Ndiye ndimadziuza kuti palibe vuto.

Nditaweruka ndinapita kuseri kwa nyumba. Ndinatseka diso lakumanja n'kuyang'ana mtengo wa mapeyala. Thunthu likuoneka. Nthambi palibe. Bafa palibe, chingwe cha zovala palibe. Ngati kusuzumira mu paipi. Lakumanja lili bwinoko, koma nalonso m'mphepete muli ngati utsi.

Amayi ku Katete anayamba chomwechi. Kugunda ndowa, kuponda anapiye. Tinkati ndi ukalamba. Zaka zisanu ndi zitatu zomaliza anazikhala pakhonde, kufunsa kuti wafika ndani.

Ine ndili ndi zaka 53.

Sindinauze munthu.

Lachisanu, 7 Juni

Ndikuyendetsa pang'onopang'ono, khosi uku ndi uku mpaka kuwawa. Aminibasi kundiimbira hutala. Kondakitala wina anandifunsa m'Chibemba ngati ndanyamula maliro.

Amake Tionge ayamba chinthu. Akakhala kutsogolo amalankhula motsitsa, maso ali kunja. "Njinga." Patsogolo pang'ono, "Ana awiri." Kenaka, "Ngalande." Sanandifunse kanthu. Inenso sindinawafunse chifukwa chake.

Koma m'mawa amakhala ali kale pa makina awo osokera kumsika. Popita kusukulu timakhala awiri ndi Rachel. Ndikamutsitsa pa geti, malaya anga kumsana amakhala atanyowa, kuzizira konseku.

Tionge wapempha kuti ndimuphunzitse kuyendetsa. Ndakana mwaukali, mwana mpaka kudabwa. Nanga ndikamuyang'anira ndi maso ati?

Lachinayi, 20 Juni

Ndagunda munthu.

Ali moyo. Ndiyambe ndi pamenepo. Ali moyo.

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito kuti ndikatenge a Zephaniah Mwale ku Makululu, mkulu mnzanga wodwala shuga, ndipite nawo kuchipatala. Sindinafike n'komwe kwawo. Njira yopapatiza, matebulo a malonda mbali zonse. Sindinali kuthamanga. Ndinangomva phu, kumanzere. Tomato pa galasi. Mayi ali m'ngalande, beseni lagwera uko.

Anthu anadzaza nthawi yomweyo. Wina akumenya denga ndi chikhatho. Wina wagwira mwala. Ine m'mutu munangobwera petulo amene ndinathira m'mawa, thanki yodzaza, ndi kuti pakati pa anthu onsewa wina ali ndi machesi.

Amene anandipulumutsa ndi mayiyo. Ali pansi pomwepo anawauza kuti iye ndiye analowa mumsewu osayang'ana. Mwala unatsika. Azimayi awiri anamukweza kumbuyo kwa galimoto, ulendo wa kuchipatala.

Dzina lake Irene. Atamva kuti ndine Banda anasiya Chibemba n'kuyamba Chinyanja. Akuti agogo ake anachokera ku Malawi kudzagwira mgodi. Ali kubuula, mkono atauyangata, anati, "Pepani atate, ndakuswerani kagalasi ka m'mbali." Ndinati palibe kanthu.

Mkono wathyoka pafupi ndi dzanja. Pulasitala milungu isanu ndi umodzi. Ali ndi ana atatu. Wamng'ono amayenda naye kumsana masiku onse, lero lokha anamusiya kwa mnansi chifukwa cha chifuwa.

Lero lokha.

Kaya analowa mumsewu kaya sanalowe, sindikudziwa. Sindinamuone ngakhale pang'ono.

Kunyumba ndanena zimene iye ananena. Amake Tionge anangondiyang'ana n'kukatenga madzi osamba m'manja.

Lachitatu, 26 Juni

Ndapita kwa a maso. Pa minibasi, kunyumba ndati galimoto isayende mpaka tipeze kagalasi.

Amakuika chibwano pa makina, amakupatsa batani, ukaona kuwala udine. Ndi diso lakumanzere ndinadikira kuwalako nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti makina afa.

Adokotala ndi mtsikana wa msinkhu wa Tionge. Akuti madzi a m'diso akupanikiza mtsempha. Chimene chapita sichibwerera. Chotsala tingachisunge ndi mankhwala odontheza, m'mawa ndi madzulo, moyo wanga wonse. "Ana anu abwerenso tidzawapime, matendawa amayenda m'banja." Kenaka, akulemba, osandiyang'ana: "Atate, mumayendetsa galimoto?"

Ndinati ayi.

Mkulu wa mpingo. Bodza linatuluka losapunthwa.

Kabotolo ka mankhwala ndakabisa m'nsapato zakale pansi pa bedi.

Loweruka, 29 Juni

A Anderson abwera ndi kagalasi katsopano, amanga okha, akana n'kuwathokoza komwe. Chonamizira chatha. Mawa kutchalitchi.



Lamlungu, 30 Juni

M'mawa onse analowa. Rachel ndi diresi lake loyera kumbuyo, Tionge pambali pake, amake kutsogolo Baibulo lili pamiyendo. Ndinaliza injini. Geti lotsegula, ana a mnansi akusewera kunjako, ndikumva mawu awo koma osawaona onse. Phazi silinachoke pa buleki.

Ndinazimitsa.

Ndinati, "Tsikani. Sindikuona."

Palibe anatsika. Ndiye ndinanena zonse momwemo, zitseko zili zotseka: za diso, za adokotala, za kabotolo, za Irene. Tionge analira. Rachel anafunsa ngati galimoto tikaibweza.

Amake Tionge anati, "Ndimadikira munene nokha, atate ake Tionge. Ndinadikira nthawi yaitali, mpaka mwana wa eni wapweteka. Mlandu umenewo ndi wanganso." Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti dzanja lawo linali pa chotsegulira chitseko. Akuti ndikanangosuntha, akanatsika ndi Rachel, kaya ndikwiye.

Analowa m'nyumba kukasintha nsapato. Tinafika ulaliki utayamba kale, fumbi mpaka m'mawondo. Ofunsa za galimoto ndawauza zoona. A Zephaniah andigwira dzanja nthawi yaitali.

Kiyi ndapereka kwa Tionge. Akaphunzire kusukulu yoyendetsa, koma ayambe wapimitsa maso.

Lolemba, 1 Julaye

Holide. Atsikana akapimidwa Lachitatu. Rachel akamawerenga ndimangomuyang'ana m'maso, ngati ndingaone kanthu. Kaya ndawapatsa chiyani ana anga.

Amake Tionge andidontheza mankhwala okha m'mawa uno. Amaluma.

Lero ku Makululu, kwa Irene. Ine ndimafuna tidikire pulasitala achoke, koma iwo akana: "Mayi uja akudziimba mlandu wosakhala wake, ndipo tomato sakugulitsa." Amanga thumba la ufa, mafuta ndi kapenta. Tipita pa minibasi.

Mwamuna wa Irene sindinamuonepo. Akuti amatola zitsulo zakale, ndipo tsiku lija anafika kuchipatala akundifunafuna ine nditangochoka. Ndikanena kuti ndinkadziwa kuti sindiona bwino koma ndinayendetsabe, kaya achita chiyani. Akafuna apolisi tipita. Akaitana anthu ofuna kundigenda aja, kulibenso wondinenera.

Mawu ndawakonza katatu, katatu konse athawa. Ndikapereka moni, ndikafunsa za mkono ndi za chifuwa cha mwana, kenaka ndidzati

Amake Tionge ali pa geti, akuitana.